MASO A DALAIVALA NAWO AYESEDWE

Dzina la Uraha, kufupi ndi Chilumba m'boma la Karonga, lidamveka kutali m'chaka cha 1991 pamene akatswiri otsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage adafukula chibwano cha munthu wamakedzana wa zaka zoposa mamiliyoni aŵiri. Koma chimene chimawasoŵetsa tulo anthu a kumeneko lero ndi msewu wa M1, umene ukatsika mapiri a Chiweta umalambalala nyanja kulinga ku Songwe. Mumsewumu malole a mafuta ochokera ku Dar es Salaam amapingasana ndi njinga za kabaza, ngolo, ng'ombe ndi ana a sukulu.

Lipoti la bungwe la World Health Organization la 2018 lidayerekeza kuti ku Malaŵi anthu 31 mwa anthu 100,000 alionse amafa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse. Chiŵerengero chotere chiyenera kudzutsa funso: kodi wolandira laisensi amayesedwa chiyani?

Amayesedwa malamulo ndi zikwangwani, amayesedwa kubwerera m'mbuyo ndi kunyamuka pachitunda. Zonsezi nzofunika. Komatu kuloŵeza chikwangwani nkwina, kununkhiza ngozi isanachitike nkwinanso. Dalaivala wokhwima akaona basi itaima amachotseratu phazi pamoto, podziŵa kuti wotsika angatulukire kutsogolo kwake. Akaona mwana wa ng'ombe tsidya lino, make ali tsidya linalo, sayembekeza kuti auzidwe. Wachatsopano maso ake amangoti dwii patsogolo pa galimoto, ndipo pozindikira nthaŵi imakhala itatha. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi; sekondi yozengereza imeneyo ndiyo imapha.

Luso limeneli limatheka kuyesedwa. Ku Britain mayeso ake adayamba mu 2002. Wophunzira amaonetsedwa timakanema 14 ta pamsewu, ndipo amadina kabatani akangoona choopsa chikuyamba. Wofulumira kuchiona amapata malikisi ambiri, ndipo ofuna laisensi ya galimoto yaing'ono sapambana popanda 44 mwa 75.

Tsono a Directorate of Road Traffic and Safety Services, amene ntchito za malaisensi adaziika kale pa makompyuta, ayenera kulingalira zowonjezera mayesoŵa. Chachikulu nchakuti asabwereke makanema a ku London. M'misewu ya kumeneko simuyenda ngolo yopanda nyali, simudumpha mbuzi. Makanemawo ajambulidwe konkuno, pa misika ya m'mbali mwa msewu monga Uliwa, pa zigolowondo za Chiweta, nthaŵi ya dzinja ndiponso kachisisira pamene oyenda pansi saoneka bwino. Malangizo ake amveke m'Chicheŵa ndi m'Chitumbuka, poti choyesedwa ndi diso la munthu, osati Chingerezi chake. Ubwino wina ngwakuti kompyuta siilandira kangachepe.

Alipo amene angati madalaivala ambiri a malole adatenga malaisensi awo kunja, ndipo okwera njinga zamoto ochuluka alibe nkomwe. Zoonadi, ndipo mayeso okha sangakwirire maenje a mumsewu kapena kuletsa uchidakwa. Za akunjawo Boma lingakambirane ndi maiko anzake a m'bungwe la SADC, limene Tanzania ilimonso. Za a kabaza, makanema omwewo angaonetsedwe pa masiteji awo ndi m'masukulu ophunzitsa kuyendetsa galimoto, lamulo la mayeso lisanakhazikitsidwe nkomwe.