Mwana ayambe wayandama, mpira ubwere pambuyo

Makolo ena amene ali ku Johannesburg, ku Harare kapena ku Britain, ana awo akamaphunzira pa sukulu yokhala ndi dziwe losambiramo, tsiku lina amangolandira kalata yakuti mwana akufunidwa mu timu ya water polo. Ambiri amadabwa, poti masewerawa sitinakule nawo. Ena amavomera msanga chifukwa amva mawu akuti timu, ena amakana poopa madzi. Onsewa ndi bwino ayambe adziwa kuti mwana wolowa m'kalabu ya masewerawa amakula motani, amapindula chiyani, ndipo akhoza kuvulazidwa pati. Maganizo anga ndi akuti kalabu yabwino imadziwika ndi mmene imasamalira mwana wa zaka 10 amene sanagoletsepo chigoli. Zikho zimene zili m'kabati ya kalabuyo zimanena zochepa kwambiri.

Masewerawa anayambira ku Britain chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo amuna akhala akuwasewera pa mpikisano wa Olympics kuyambira mu 1900. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 7 m'madzi, mmodzi mwa iwo goloboyi. Akuluakulu amasewera zigawo zinayi za mphindi 8, koma wotchi imaima nthawi iliyonse woyimbira akaliza wenzulo, choncho masewero amatha pafupifupi ola. Madzi amakhala akuya moti wosewera safika pansi, ndipo ngakhale atafika, lamulo silimulola kuponda pansi kapena kugwira m'mphepete mwa dziwe. Mpira amaugwira ndi dzanja limodzi. Goloboyi yekha ndiye amaloledwa kugwira ndi manja onse awiri. Timu ikatenga mpira imakhala ndi nthawi yochepa, yosapitirira theka la mphindi, kuti iponye ku golo. Wochita zachinyengo zazikulu amatulutsidwa kwa masekondi angapo, ndipo zigoli zambiri zimalowa nthawi imeneyo.

Malamulo amenewa ndiwo amachititsa kuti zaka zoyamba za mwana zikhale zochedwa. Mwana wa mpira wa miyendo tsiku loyamba lomwe akhoza kuthamanga ndi kumenya mpira. Wa water polo ayenera kuphunzira kaye kuima m'madzi akuya manja ali m'mwamba. Amachita zimenezi pozunguza miyendo mosinthana, ngati akupalasa njinga mawondo atatayana, ndipo luso limeneli limatenga miyezi kuti likhazikike. Ayeneranso kusambira mutu uli pamwamba kuti aziona anzake, kuima mwadzidzidzi, kutembenuka, kuyambanso, mpira akuukankha pakati pa mikono. Makolo akamaonerera maphunzirowa amadandaula kuti ana angokhalira kupalasa madzi ndi kunyamula zigubu pamutu, mpira osaugwira. Kochi amene akuchita zimenezi akudziwa ntchito yake. Mwana wopanda miyendo yolimba akamaponya mpira amadalira phewa lokha, ndipo phewa ndilo limayamba kuwonongeka.

Pofuna kuti ana asathawe chifukwa cha kuchedwaku, m'mayiko ambiri anakonza masewero apadera a ana aang'ono: dziwe lalifupi, mpira wochepa, magolo ang'ono, nthawi zina madzi osaya. Ku America amawatcha Splashball. Ku Italy, mu tauni ya Lignano Sabbiadoro, chaka ndi chaka kumachitika chikondwerero cha HaBaWaBa, kumene matimu a ana ochokera m'mayiko ambiri amakumana. Pa msinkhu umenewu anyamata ndi atsikana kawirikawiri amasewerera limodzi.

Kuti munthu amvetse mmene kalabu imalerera wosewera, ayang'ane ku Hungary. Dzikoli lilibe nyanja ya mchere, ndipo anthu ake sakwana 10 miliyoni, koma timu yake ya amuna yatenga mendulo ya golide ya Olympics maulendo 9: mu 1932, 1936, 1952, 1956, 1964, 1976, 2000, 2004 ndi 2008. Palibe dziko lina lomwe lafikapo pamenepa. Anthu amakonda kunena kuti anthu a ku Hungary anabadwa nalo luso, koma kunena kotero ndi ulesi wa maganizo. Chimene ali nacho ndi madziwe ndiponso anthu ophunzitsa. Mzinda wa Budapest uli ndi akasupe a madzi otentha, ndipo chikhalidwe chosambira m'madziwe chinazika mizu kumeneko kalekale. Munthu woyamba wa dzikolo kutenga golide pa Olympics anali wosambira, Alfréd Hajós, ku Athens mu 1896. Bambo ake anamira mu mtsinje wa Danube iye ali ndi zaka 13, ndipo nchifukwa chake anadzipereka pa kusambira. Atakula anakhala katswiri wojambula mapulani a nyumba, ndipo ndiye anajambula dziwe lofoleredwa la pa chilumba cha Margaret, limene linatsegulidwa mu 1930. Dziwe lofoleredwa limatanthauza kuti mwana angathe kuphunzira ngakhale kunja kukugwa chipale. Patangopita zaka ziwiri, golide woyamba wa water polo anabwera.

Mwana wa ku Budapest amayamba ndi kusambira wamba ali wamng'ono, kenaka kochi amamukokera ku mpira, ndipo amakwera gulu ndi gulu malinga ndi zaka zake, m'makalabu monga Ferencváros, Vasas ndi Honvéd, kapena kunja kwa likulu ku Eger ndi ku Szolnok. Palinso sukulu ya masewero yotchedwa KSI, yomwe inakhazikitsidwa mu 1963. Tibor Benedek, Tamás Kásás ndi Gergely Kiss anadutsa kumeneko ali ana, ndipo onse atatu ali m'gulu la osewera 6 amene anatenga golide katatu kotsatizana, mu 2000, 2004 ndi 2008, pansi pa kochi Dénes Kemény. Bambo a Kásás nawonso anasewerera dziko lawo. Banja la Szívós linatulutsa agogo, bambo ndi mdzukulu, onse mu timu ya dziko. Izi zikusonyeza kuti mwana amakulira pakati pa anthu amene anayendapo kale njirayo, amene amadziwa kuti mnyamata wowonda wa zaka 12 akhoza kudzakhala chimphona pa zaka 18, ndipo sathamangira kumutaya.

Ku gombe la Croatia nkhani yake ndi yosiyanako pang'ono. Mu mzinda wa Dubrovnik muli kalabu ya Jug, yomwe inayamba mu 1923, koma ana ambiri amayamba kuponyerana mpira m'nyanja momwe, m'nyengo yawo yotentha, pa magolo oyandama. Kuli ngakhale mpikisano wa anthu wamba, wotchedwa Divlja liga, umene matimu a magombe osiyanasiyana amalimbirana ulemu. Croatia inatenga golide mu 2012, ndipo oyandikana nawo a Serbia anatenga mu 2016, ku Tokyo, ndi ku Paris mu 2024. Kumeneku mwana amaona masewerawa asanadziwe nkomwe kuti kuli chinthu chotchedwa kalabu.

Ku America ndiye kumene kuli phunziro lowawa. Masewerawa ndi amphamvu makamaka ku California, ndipo mwana wofuna kupita patsogolo amasewera m'kalabu yolipira kuwonjezera pa timu ya kusukulu. Chaka chilichonse kumakhala mpikisano wa Junior Olympics, umene umasonkhanitsa matimu mazanamazana a ana. Njira imeneyi yabala zipatso: timu ya amayi ya dzikolo inatenga golide mu 2012, mu 2016 ndi ku Tokyo. Maggie Steffens, amene analipo maulendo onse atatu, anali ndi zaka 19 pa ulendo woyamba, ndipo anachokera m'banja la masewera omwewa, poti bambo ake anasewera ndipo mkulu wake Jessica anali naye mu timu ya 2012. Koma ndalama za kalabu, za maulendo, za mahotela ndi za zakudya zimagwera makolo, ndipo mwana wa banja losauka amatsekeredwa kunja asanayesedwe nkomwe. Mpaka mu 2016 ndi pamene mayi wachikuda woyamba analowa mu timu ya Olympics ya dzikolo, goloboyi Ashleigh Johnson wa ku Miami, amene makolo ake anachokera ku Jamaica. Iye anakhala mmodzi mwa magoloboyi opambana pa dziko lonse. Funso limene limandivutitsa ndi lakuti ndi ana angati onga iye amene sanafike m'mphepete mwa dziwe chifukwa dera lawo lilibe dziwe, kapena chifukwa makolo analibe ndalama ya pakhomo.

Makolo ena amalipira ndalama zimenezi poyembekezera kuti mwana adzapeza malo aulere ku yunivesite kapena adzalemera ndi masewerawa. Ndi bwino kunena zoona. Malo otere ndi ochepa, ndipo makalabu olipira osewera bwino ali m'mayiko owerengeka a ku Ulaya monga Italy, Hungary, Spain, Greece, Croatia ndi Serbia. Ngakhale kumeneko, malipiro sayandikira a mpira wa miyendo. Kholo lolowetsa mwana ndi mtima wa malonda lidzakhumudwa, ndipo choipa kwambiri nchakuti mwanayo adzadziwa kuti wakhumudwitsa makolo ake.

Za kuvulala sitingazibise. Water polo ndi masewera ogundana thupi. Pansi pa madzi, pamene woyimbira saona bwino, osewera amakokana, amagwirana zovala, amapondana. Nchifukwa chake masewero asanayambe woyimbira amayendera zikhadabo za osewera, ndipo zipewa zimakhala ndi zotchinga makutu. Masewero odziwika kwambiri m'mbiri yonse ndi a ku Melbourne mu 1956, pakati pa Hungary ndi Soviet Union, patangopita milungu yochepa asilikali a Soviet atapondereza kuukira kwa anthu a ku Budapest. Hungary inapambana 4 kwa 0, ndipo Ervin Zádor anatuluka m'madzi magazi akuchucha pafupi ndi diso atamenyedwa chibakera. Zimenezo zinali za akuluakulu okwiyirana pa nkhani za dziko. Tsoka ndi lakuti makochi ena amaphunzitsa ana a zaka 11 kutsina ndi kumenya mobisa, nkumati akuwalimbitsa mtima. Ameneyo akuba nthawi imene mwana akanaphunzirira kusambira ndi kuponya. Mpira nawo ndi wolimba, ndipo ukamenya mutu, makamaka wa goloboyi, ubongo ukhoza kugwedezeka. Mwana akadandaula mutu, chizungulire kapena nseru atamenyedwa, atuluke m'madzi nthawi yomweyo ndipo asabwerere mpaka dokotala atamuona, ngakhale masewerowo akhale omaliza a chikho.

Kuvulala kwina sikuoneka ndi maso. Pa zaka 12 kapena 13 ana amasiyana kwambiri matupi: wina wayamba kale kumera ndevu, mnzake akadali kamwana. Kochi wofuna chikho chaka chomwecho amangoika wamkulu thupi pafupi ndi golo, nkuuza ena onse kuti azimuponyera mpira. Timu imapambanadi. Koma wamng'ono uja amakhala pa benchi chaka chonse mpaka kugwa ulesi, ndipo wamkuluyo saphunzira luso lililonse chifukwa thupi likumugwirira ntchito. Anzake akadzamupeza msinkhu, amapezeka alibe chogwira. Kochi wotere amawononga ana awiri nthawi imodzi, ndipo makolo amamuombera m'manja chifukwa cha chikho. Chimodzimodzi ndi kukakamiza mwana wa zaka 9 kusiya masewera ena onse kuti azikhala m'dziwe m'mawa ndi madzulo chaka chonse. Mapewa ake akadali anthete, ndipo mwana wotopa amadana ndi chinthu chimene ankachikonda.

Atsikana anadikira nthawi yaitali. Amayi anayamba kusewera pa Olympics mu 2000 ku Sydney, patapita zaka 100 amuna atayamba, ndipo Australia ndiyo inapambana. Lero mtsikana ali ndi anthu oti awayang'anire, koma m'makalabu ambiri nthawi yabwino ya dziwe imapitabe kwa anyamata. Palinso nkhani imene makolo sayenera kuchita nayo manyazi. Awa ndi ana ovala zosambirira, osintha zovala pamalo amodzi, oyenda maulendo ogona ndi akuluakulu amene si abale awo. Kalabu yolongosoka imakhala ndi lamulo lakuti wamkulu asakhale yekha ndi mwana, imalola makolo kuonerera maphunziro, ndipo imakhala ndi munthu wodziwika amene mwana angakamuuze dandaulo. Kalabu imene ikukwiya mukafunsa zimenezi, mwana wanu musamusiyeko.

Ndanena zambiri zochenjeza, koma masewerawa ndimawafunira zabwino ana athu. Mwana amene watha zaka zitatu m'kalabu yabwino amatha kukhala m'madzi akuya nthawi yaitali osachita mantha, wina akumukoka, madzi akumulowa m'kamwa. Luso limeneli limapulumutsa moyo, ndipo adzakhala nalo mpaka ukalamba, ngakhale asadzagoletse chigoli pa mpikisano uliwonse. Amaphunziranso kudzuka m'mamawa, kugonja osalira, ndi kusambira kubwerera kukateteza golo pamene thupi likukana. Ndipo khomo si lotsekeka kwa ana a kuno kum'mwera kwa Africa: South Africa, kumene masewerawa amakulira m'masukulu, inatumiza matimu onse awiri, a amuna ndi a amayi, ku Olympics ya ku Tokyo.

Inu amene mwalandira kalata ija, musasaine musanapite kudziwe. Pitani tsiku wamba la maphunziro, osati la mpikisano. Funsani ngati pamakhala munthu wophunzitsidwa kupulumutsa omira, funsani ndalama zonse za chaka pamodzi ndi maulendo, ndipo funsani zimene amachita mwana akamenyedwa mutu. Kenaka khalani pansi muone mwana wochedwa kusambira kuposa onse, ndi mmene kochi akumulankhulira. Mukakhutira ndi zimene mwaona, mulekeni mwana wanu alowe m'madzi.