Njira ya GAAC ifikenso kwa amuna amene akubisala

M'chaka cha 2008 chigawo cha Tete chinayamba ntchito imene pambuyo pake inatengedwa ndi maiko ena monga Malawi, Zimbabwe ndi Lesotho. Anthu okhala ndi kachirombo ka HIV, atatopa ndi maulendo a mwezi ndi mwezi opita ku chipatala, anayamba kupanga timagulu ta anthu osapitirira 6. Mwezi uno mmodzi akwera chapa kapena njinga kukatengera anzake onse mankhwala a ARV, mwezi wamawa apita wina. Akuluakulu a zaumoyo m'chigawo muno, pamodzi ndi bungwe la Médecins Sans Frontières, ndiwo anathandiza kuti ntchitoyi iyende, ndipo timaguluti tinadziwika ndi dzina loti GAAC. Pofika 2012 anthu oposa 5,000 anali atalowa, ndipo mwa anthu 100 aliwonse, 97 anali akumwabe mankhwala awo chaka chitatha.

Anthu a ku Angónia, Moatize ndi Changara akudziwa chimene chinalimbitsa timaguluti. Mamembala sanasankhidwe ndi namwino kapena mfumu. Anasankhana okha, aliyense kutenga mnzake amene amamukhulupirira, amene angamuwerengere mapiritsi popanda kukalengeza pa chitsime.

Koma alipo anthu ena mu mzinda wa Tete amene nzeru imeneyi siinawafike mokwanira. Amenewa ndi amuna ogonana ndi amuna anzawo, ena mwa iwo ali ndi akazi ndi ana kumudzi. Nkhaniyi ambiri safuna kuimva, ndipo ena amati ndi za ku Maputo kapena za azungu. Komabe mnyamata amene anachoka ku Ulónguè kapena ku Tsangano kukafuna ganyu ku Matundo kapena ku migodi ya malasha ya Moatize ndi mwana wa munthu wa kumudzi, ndipo akadwala adzabwerera pa mphasa ya amayi ake.

Mu 2011 Instituto Nacional de Saúde inachita kafukufuku pakati pa amuna oterewa ku Maputo, Beira ndi Nampula. Ku Beira, mwa amene anali ndi zaka 25 kapena kuposerapo, pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse anapezeka ndi kachirombo. Choopsa kwambiri nchakuti m'mizinda yonseyi, pafupifupi 9 mwa 10 amene anali nako sankadziwa. Momwe ofufuzawo anawapezera amunawa ndi phunziro palokha. Sanaike chikwangwani pa chipatala kapena kulengeza pa wailesi. Anayamba ndi anthu owerengeka, aliyense nampatsa timapepala toti akapatse anzake amene amawadziwa, anzakewo nawonso nkuitana ena. Mwa njira imeneyi anabwera amuna oposa 1,400, anthu amene ambiri ankati kulibe.

Chifukwa chimene matendawa amafalira msanga pakati pawo sichachinsinsi kwa a chipatala. Khungu la m'kati mwa njira ya chimbudzi ndi lopyapyala, limachekeka mosavuta, ndipo kachirombo kamalowa msanga. Pamwamba pa apo, kwa zaka zambiri uthenga wa Edzi pa wailesi ndi pa zikwangwani unkangoonetsa mwamuna ndi mkazi, kotero kuti anyamata ena anakula akuganiza kuti kachirombo kamachokera kwa akazi okha. Ena amadzola Vaseline kapena mafuta ophikira pa kondomu, osadziwa kuti mafuta oterewa amaiola nkuiphulitsa. Zofunika ndi mafuta opangidwira ntchito imeneyi, osungunuka m'madzi. Zinthu ngati izi munthu sangazifunse kwa namwino amene amapemphera mpingo umodzi ndi azakhali ake. Angathe kuzifunsa kwa mnzake amene amayenda njira yomweyo.

Ntchito ya mnzakeyo, amene a zaumoyo amamutcha activista, siyovuta kuimvetsa. Amanyamula makondomu ndi mafuta aja, amafotokoza za PrEP, mankhwala amene munthu wopanda kachirombo amamwa kuti asakatenge, ndipo amadziwa namwino amene salalata ndiponso ola limene pa chipatala sipakhala anthu ambiri. Wina akakhala ndi zironda kumalo obisika, amamuperekeza. Wina akasowa pa tsiku lake lotenga mankhwala, amadziwa chipinda chimene amagona. Kuyambira 2014 Médecins Sans Frontières inagwira ntchito yotere mu msewu wa magalimoto akuluakulu wochokera ku Beira kudzera ku Tete kukalowa ku Malawi, makamaka ndi amayi oyendayenda, ndipo ku Beira inafikiranso amuna ogonana ndi amuna anzawo.

Atsogoleri ena a mipingo ndi mafumu adzanena kuti kuthandiza anthuwa ndi kulimbikitsa khalidwe limene iwo saligwirizana nalo. Palibe amene akuwapempha kuti asinthe ulaliki wawo. Koma pali chinthu chimodzi chimene madokotala anatsimikiza: munthu amene akumwa ma ARV mokhulupirika, mpaka kachirombo kusaonekanso m'magazi poyeza, sapatsira amene akugona naye. Mwamuna akathawa chipatala poopa kunenedwa kuti ndi wa mathanyula, woyamba kuvutika pambuyo pake ndi mkazi wake amene ali kumudzi akusunga munda wa mbatatesi, ndiponso mwana amene adzabadwe. Kafukufuku wa INSIDA wa 2021 anapeza kuti m'chigawo cha Tete anthu akuluakulu pafupifupi 8 mwa 100 ali ndi kachirombo, pamene mu 2015 anali pafupifupi 5. Chigawo chimene chiwerengero chake chakwera motere sichingasankhe woti chimuyeze ndi woti chimusiye.

Lamulo nalonso liyenera kudziwika bwino, makamaka kwa okhala m'malire, chifukwa pa Zóbuè ndi pa Calómuè pamakumana malamulo awiri osiyana. Ku Malawi kugonana kwa amuna okhaokha ndi mlandu wa zaka zofika 14 m'ndende, ndipo bwalo la milandu ku Blantyre linakana kuthetsa lamulolo mu June 2024. Kuno ku Moçambique, lamulo la atsamunda la 1886 limene linkatchula za khalidweli linachotsedwa pamene buku latsopano la milandu linayamba kugwira ntchito mu June 2015. Popeza anthu a m'malire amamvera kwambiri mawailesi a ku Malawi, ambiri amaganiza kuti nakuno ndi mlandu. Sichoncho ayi. Wapolisi kapena mlonda wa chipatala amene angaopseze munthu pa chifukwa chimenechi kuti amupatse ya fanta, iyeyo ndiye akuphwanya lamulo. Ngakhale ziri tero, bungwe la LAMBDA, limene limayankhulira anthuwa, linapempha boma mu 2008 kuti lilembetsedwe ndipo linadikira zaka zoposa khumi popanda yankho.

Njira ya anzawoyi iri ndi ngozi yake, ndipo nkosathandiza kuibisa. Activista amasunga zinsinsi za anthu ambiri mu mzinda umene aliyense amadziwa mnzake. Mmodzi yekha wa pakamwa, akaledzera ku baraka nkutchula dzina, ntchito ya chaka chonse yagwa, ndipo wotchulidwayo akhoza kuchotsedwa pa nyumba ya lendi usiku womwewo. Nchifukwa chake lamulo loyamba la GAAC liyenera kusungidwanso pano: amunawo asankhe okha munthu wowaimira. Pasakhale kaundula wa maina woyenda pa tebulo ndi tebulo, ndipo alendo obwera ndi makamera asamaitanidwe ku misonkhano yawo.

Vuto lina ndi ndalama. Ma activista ambiri m'dziko muno ankalandira kangachepe kuchokera ku thandizo la dziko la America. Mu January 2025 boma la dzikolo linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lakunja, ndipo pamene linaloleza kuti ntchito zina zipitirire, PrEP inaloledwa makamaka kwa amayi oyembekezera ndi oyamwitsa. Mapiritsi angakhalepo m'nyumba yosungira mankhwala, koma munthu woperekeza wodwala pa khomo ndiye amayamba kuchotsedwa ntchito.

Direcção Provincial de Saúde ya Tete iyenera kuika anthu oterewa mu ndondomeko yake ya chuma, monga imachitira ndi antchito ena a zaumoyo a m'midzi, ndi kusankha m'chipatala chirichonse cha mu mzinda namwino mmodzi kapena awiri ophunzitsidwa kuwalandira. Zipatala za ku Ulónguè ndi Zóbuè zidziwitsidwenso, kuti mnyamata akabwerera kwawo nthawi yokolola athe kutenga mankhwala ake ndi khadi lomwelo popanda kufunsidwa mafunso pamaso pa anthu a pa mzere.