Mnzako si batire

Pali bodza limodzi limene lakhazikika m'nkhani zopeka za acinyamata athu, ndipo ine ndatopa nalo. Limabwera pa tsamba lomaliza. Ngwazi ya nkhani yamenyedwa, ili gone pansi, magazi ali cuucuu, mdani wakweza kale mpeni. Basi ngwaziyo ikumbukira nkhope za anzake, mmodzi afuula dzina lake ali patali, ndipo mafupa othyoka aja alumikizana okha. Idzuka, imenya kamodzi, nkhani yatha. Wolemba saona cifukwa cofotokozera kumene mphamvu zacokera, pakuti kwa iye yankho ndi lodziwikiratu: zacokera ku ubwenzi.

Ndimaphunzitsa kuno ku Livingstone, ndipo nkhani za ana a sukulu zimadutsa m'manja mwanga temu iliyonse. Uyu ndi wa ku Maramba, uyo wa ku Libuyu, winayo wa ku Dambwa, sadziwana n'komwe, koma mapeto a nkhani zawo amafanana ngati yunifomu. Timu ya mpira imene sinacitepo maphunziro igonjetsa akatswiri cifukwa "tinali ogwirizana". Mtsikana amene wadwala miyezi isanu acira tsiku limene anzake abwera kudzamuona. Anyamata anai agwira akawalala a mfuti ndi manja cabe. Kulemba ana awa adziwa. Vuto ndi lakuti anabwereka mapeto kwa eni ake osafunsa kuti eni akewo anawapangira ciani.

Eni ake ali ku Tokyo. Magazini ya Weekly Shonen Jump, ya kampani ya Shueisha, inayamba mu 1968, ndipo imadziwika ndi mau atatu: ubwenzi, khama, cipambano. Dragon Ball, One Piece ndi Naruto zonse zinabadwira m'menemo. Magaziniyi imafunsa owerenga kuti asankhe nkhani zimene zawakomera, ndipo imene ikhalira kumbuyo imadulidwa. Tsopano ganizirani wolemba amene afunika kupereka cigawo catsopano sabata ndi sabata, caka ndi caka. One Piece ya Eiichiro Oda inayamba mu 1997 ndipo ikali kupitiriza. Ambiri a inu munabadwa n'kuipeza. Wolemba wotere sangaphe ngwazi yake, ndiyo imamudyetsa. Sangailolenso kuti izipambana mosavuta, owerenga angagone. Ndiye amaipanikizira pakona, kenako afuna khomo lotulukira mwamsanga, ndipo khomo lochipa kuposa onse ndi ubwenzi. Imeneyi ndi nzeru ya malonda, ndipo kwa iwo imagwira nchito. Koma inu amene mulemba nkhani ya masamba asanu pa foni, ndani akukakamizani kusunga ngwazi yanu ndi moyo kwa zaka makumi atatu?

Cimene cimandinyansa kwenikweni ndi zimene mapeto otere amacita kwa bwenzi mwiniyo. Dragon Ball siibisa n'komwe. Pomenyana ndi Majin Buu, Goku afuna kuti anthu onse a padziko akweze manja kuti amupatse mphamvu zawo, iye azisonkhanitse pamodzi n'kuponyera mdani. Coseketsa n'cakuti anthu ambiri akana, mpaka Mr. Satan, katswiri wabodza amene amamukhulupirira, ndiye awapempha. Pamenepo wolemba anaonetsa kuti anthu awadziwa bwino. Koma onani cithunzico: mmodzi ndiye amenya nkhondo, ena onse ndi malo ocajira. Umu ndi mmene anzake a ngwazi alili m'nkhani zambiri zimene ndimawerenga. Alibe amai awo, alibe njala, alibe cimene afuna pa moyo wawo. Nchito yawo ndi kuima pambali, kulira, ndi kufuula dzina la mwini nkhani. Mukamucotsa mnzakeyo n'kuikapo jenereta, nkhani siisintha.

Ndidziwa cimene ena a inu mukamba kale: "Aphunzitsi, ni story cabe, osaitenga serious." Ndamva. Ine sindikangana ndi munthu wouluka, kapena mnyamata wokhala ndi nkhandwe ya micira isanu ndi inai m'mimba. Ambuya athu anatilera ndi akalulu olankhula. Nkhani ili ndi ufulu wonama za mlengalenga, za nyama, za nthawi. Ufulu umene ilibe ndi wonama za munthu, cifukwa za munthu ndizo tinabwerera kudzamva. Ndipo bodza ili silithera pa pepala. Limaphunzitsa kuti kukhulupirika kwa mnzako kumalipira nthawi zonse, ndiponso kuti amene afunsa mafunso ndi wogulitsa anzake. Sindikunena kuti Naruto ndiye amaba mafoni m'makomboni. Magulu a anyamata amene timawachula kuti majunkie anabadwa ku ulova, ku mowa wochipa ndi ku nyumba zopanda akulu. Koma mau amene amakokera mwana m'gulu lotere ndi omwewo a m'nkhani zathu: ndise banja, sitisiyana. Amene amasungira mnzake foni imene sadziwa kumene yacokera amacita zimenezo m'dzina la ubwenzi, ndipo akagwidwa palibe kuwala kumene kumatsika kumwamba kudzatsegula citolokosi. Wolemba wa ku Linda kapena ku Ngwenya adziwa zimenezi kuposa wolemba aliyense wa ku Japan. Nanga n'cifukwa ciani polemba amayerekeza ngati sadziwa?

Amene anawerenga Things Fall Apart ya Chinua Achebe, buku la mu 1958, anakumana kale ndi bwenzi lolembedwa bwino, kungoti pokonzekera mayeso timathamangira Okonkwo n'kumuiwala Obierika. Tiyeni timukumbukire. Okonkwo atathandiza kupha Ikemefuna, mwana amene anali kumuitana kuti atate, Obierika sanamusisite pamsana. Anamuuza pamaso kuti cimene wacita n'coipa, ndipo iye mwini anali atakana kupita nawo ulendo umenewo. Pambuyo pake mfuti ya Okonkwo inaphulika pa maliro a Ezeudu n'kupha mwana wa malemuyo, ndipo lamulo la mudzi linati acoke kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Usiku umenewo Obierika anathandiza kututa zilazi za mnzake n'kuzisunga m'nkhokwe yake. Kutaca, Obierika yemweyo anali pakati pa amuna amene anagwetsa ndi kutentha nyumba za Okonkwo, cifukwa mwambo unafuna tero. Pomwepo ndi pamene pali nkhani. Munthu mmodzi, usiku asunga cuma ca mnzake, m'mawa atentha nyumba yake, kenako akhala pansi n'kuyamba kudzifunsa cifukwa cake munthu alangidwa conco pa ngozi. Ali ku Mbanta kuja, Obierika anali kumugulitsira zilazi n'kumupititsira ndalama zake. Ndipo pa mapeto, Okonkwo atadzimangirira, Obierika sanathe ngakhale kutsitsa mtembo wa mnzake pamtengo, pakuti mwambo sunalole. Anacita kupempha alendo.

Ubwenzi wa Obierika sunapulumutse munthu. Okonkwo anafa, mudzi unagonja. Koma palibe wowerenga amene amatseka bukulo akukayika ngati Obierika anali bwenzi. Tidziwa cifukwa tinaona zimene zinamudyera: nthawi, ulendo, mkangano, manyazi, misozi. Ubwenzi wa m'nkhani umaoneka pa mtengo umene munthu walipira. Wa ana anga a sukulu ndi waulere ngati mphepo.

Ife a mumzinda uno tifunika kukhala oyamba kukayikira nkhani za "anzake okhulupirika", cifukwa dzina la mzinda wathu lakhala pa nkhani yotere. David Livingstone anafera kwa Chitambo mu May 1873. Anthu amene anali naye anakwirira mtima wake pansi pa mtengo, anaumitsa thupi, nalinyamula ulendo wa makilomita oposa 1,500 mpaka ku Bagamoyo, kumene anafika mu February 1874. Ena anafera m'njira. Mabuku akale amatiuza maina awiri, Abdullah Susi ndi James Chuma, ndipo amawapatsa khalidwe limodzi lokha: kukhulupirika. Pamene mtembo unaikidwa ku Westminster Abbey pa 18 April 1874, Susi ndi Chuma kunalibe. Wa m'gulu lawo amene analipo ndi Jacob Wainwright yekha. Awiriwo anafika ku Britain pambuyo pake, kumene anathandiza Horace Waller kulongosola zolemba zomaliza za Livingstone. Kwa zaka zoposa zana limodzi anthu awa anali mabatire a ngwazi ya eni. Mu 2019 Petina Gappah wa ku Zimbabwe anatulutsa buku lopeka, Out of Darkness, Shining Light, limene limapereka ulendowo m'kamwa mwa Halima, wophika wa gululo, ndi mwa Wainwright. Mmenemo onyamula mtembo aja amakangana, amacitirana nsanje, amakondana, aliyense ali ndi zolinga zake. Gappah sanawacepetse powacotsera ungelo. Anawabwezera umunthu umene mau akuti "okhulupirika" anawalanda.

Ndipo onyamula akalipo. Tsikani ku Batoka Gorge tsiku limene alendo apalasa mabwato pa mafunde a Zambezi. Madzulo alendowo amajambulitsa atakumbatirana, ati tapambana cifukwa tinapalasa monga banja. Cimene cinawasunga ndi jekete yoyandamitsa, wotsogolera amene adziwa funde lililonse ndi dzina lake, ndi wa kayak amene amatola ogwera m'madzi. Kumbuyo kwawo kuli anyamata amene amakwera phompho lija atasenza katundu. Nkhani ya mmodzi wa iwo ndi mnzake amene amagawana naye ndalama za tsikulo ndingaiwerenge usiku wonse.

Makolo athu sanali ofewa pa nkhani imeneyi. M'nthano, Kalulu ndi Fisi apangana pa nthawi ya njala kuti aphe amai awo. Fisi apha, Kalulu abisa ake. Mwana amene wamva nthano imeneyo wacenjezedwa kuti pangano la anzako uziliyang'ana kawiri. Amene anati mutu umodzi susenza denga ndi omwewonso anati cibwenzi ca nkhwangwa cikoma pokwera, cifukwa ukafika pamwamba n'kudula cimene unafuna, nkhwangwa umaiponya pansi. Ife tinatola mwambi woyamba n'kuumata pa zipupa za makalasi, waciwiri tinausiya. Ngakhale kuthandizana kwathu kwa masiku ano kuli ndi malamulo. Amai a pa msika wa Maramba amene ali mu cilimba amakondana, inde, koma ali ndi kabuku, ndipo tsiku lopereka likafika cikondi siciwerengedwa ngati ndalama. Pa maliro, cimbuya ca Atonga ndi Alozi, kapena ca Angoni ndi Abemba, cimabwera ndi nthabwala zopweteka, ufa kumaso, ndi nchito yeniyeni ya manja. Ndi ubale wa ngongole ndi kubweza. Zonsezi zili pakhomo pathu, koma polemba timaziona ngati zosayenera kulowa m'nkhani.

Sindikuti tayani makatuni anu. Ngakhale Oda, pamene afuna kuti tilire zoona, amalola ubwenzi kulephera: Luffy apita ku nkhondo ya ku Marineford kukapulumutsa Ace, gulu lalikulu limenya nkhondo cifukwa ca munthu mmodziyo, ndipo Ace afera m'manja mwake. Funsani aliyense wokonda One Piece cigawo cimene saciiwala. Naruto ndi Sasuke nawonso amaliza nkhondo yawo aliyense atataya dzanja, ngakhale kuti wolemba anafewa mtima n'kupatsa Naruto lina. Ndinakondwanso mu 2023 pamene Supa Team 4 ya Malenga Mulendema inatuluka pa Netflix, atsikana anai a mu Lusaka ya mtsogolo akupulumutsa dziko motsogozedwa ndi Mama K. Mwana wa zaka zisanu ndi zinai afunika kuona atsikana ofanana naye akupambana pamodzi, ndipo ndilibe mlandu nazo. Mlandu wanga uli ndi inu a zaka 17, 20, 25, amene munaikapo kale mnzanu m'manda, munakongozapo mnzanu ndalama imene sinabwerere, munaonapo mnzanu wa pa desiki imodzi akupita ku yunivesite inu n'kutsala kugulitsa talk time, koma mukagwira foni kuti mulembe mumabwerera ku zaka zisanu ndi zinai.

Nkhani yotsatira imene idzafika pa tebulo panga ndi ngwazi yodzuka cifukwa ca mfuu ya anzake, ndidzaibweza ndi mafunso awiri m'mphepete. Mnzakeyu afuna ciani cimene ngwazi siifuna? Ndipo kuima naye kwamudyera ciani? Ngati yankho palibe, wolemba akali ndi nchito. Atenge atsikana awiri a ku Namatama amene anakulira mpanda umodzi, onse alemba giredi 12, ndipo mmodzi alandira pa WhatsApp pepala la mayeso usiku woti mawa alemba. Alitumiza kwa mnzake cifukwa amukonda. Winayo aona uthengawo 23:40, foni ili pa 4 peresenti, magetsi kulibe, amai ake agona pa mphasa pafupi naye ndipo ndalama ya tyushoni anacita kukongola mu cilimba. Atsegule kapena asatsegule, mawa lake awiriwo afunika kuyenda njira imodzi kupita ku sukulu.