Musathamangire sandipepa pa ng'oma zakale

Ng'oma za bandi zikakalamba, choyamba kutha ndi chipulasitiki chokutira kunja chija. Chimasuluka, chimang'aluka, guluu n'kuyamba kutaya. Mwini wake akangoona thabwa likusuzumira pamng'alu, mtima umathamangira kusenda chonsecho kuti apake vanishi. Ine ndimati ayambe wawerenga dzina la kampani pakachitsulo kali pambali paja.

Ikakhala Ludwig ya m'ma 1960, mtundu umene Ringo Starr wa gulu la Beatles anautchukitsa mu 1964, manja kumbuyo. Thupi lake ndi timatabwa titatu topyapyala tomatidwa pamodzi, kawirikawiri mahogany kunja ndi mkati, poplar pakati. Nsonga ya chokutiracho ankailowetsa polumikizira thabwa, moti mukachikoka mwamphamvu chimachoka ndi thabwa lomwe. Komanso ogula ng'oma zakale amalipira zambiri pa yothimbirira koma yosakhudzidwa kuposa yonyezimira yopakidwa dzulo. Zotchipa za ku Japan za zaka zomwezo, za thabwa la luan, apo ndiye muphunzirirepo mosaopa.

Musayembekezere zokongola pansi pa pulasitikiyo. Kufakitale ankadziwa kuti thabwalo libisika, choncho mupeza zigamba ndi guluu wouma. Guluuyo achoke yense, chifukwa pamene watsala stain, mankhwala opatsa thabwa mtundu, salowa, ng'oma n'kutuluka mawangamawanga ngati nkhanga. Ntchitoyi ndi yamanja, ndi sandipepa wosalala wa nambala 220, motsatira mitsempha ya thabwa. Makina a kalipentala ayi. Kathabwa kakunja n'kopyapyala kwambiri. Mukakaboola pamaonekera mtundu wina wapansi, ndipo palibe mankhwala obisira zimenezo.

Malo awiri musawakhudze n'komwe. Mlomo wa ng'oma, pamene pamakhala chikopa, umateni ndi tepi musanayambe. Ukangoperepeseka mbali imodzi, chikopa sichikhazikika, ndipo mudzakunga mpaka kutopa ng'oma osalira bwino. Mkatinso musiyemo. Penti yasiliva ya mu ng'oma za kampani ya Gretsch ndi chidindo cha deti cha mu Ludwig ndizo zimachitira umboni msinkhu wa ng'omayo.

Stain muyambe mwayesa pamalo podzabisika ndi zitsulo. Vanishi pakani mopyapyala kangapo, kutali ndi fumbi, osati padzuwa. Ndipo ngakhale oimba anzanu akuvutitseni kuti ng'oma ikufunika Lamlungu, dikirani vanishiyo aume kwenikweni. Mukamanga zitsulo vanishi akadali wofewa, zimamira n'kusiya zipsera.