Mapavement a ku Sheffield ndi mitengo 5,600

A Malawi tikakumana kunja kuno nkhani yathu imakhala imodzimodzi: State House, nduna yakuti yachotsedwa, chipani chakuti chagawanika pawiri, uje wajoina boma. Timakangana mpaka mitsempha kutuluka m'khosi. Koma za khonsolo ya tauni imene tikugonamo, imene imatidula council tax mwezi ndi mwezi, zii. Kalata ya khonsolo ikagwa pakhomo timaitaya limodzi ndi mapepala otsatsa pizza. Amati nkhani za pavement ndi za poimika galimoto ndi za azungu opuma pantchito, osowa chochita.

Ndiye lero tikambe za pavement yomweyo, kanjira ka oyenda pansi ka m'mbali mwa msewu. Ku Sheffield, kumpoto kwa England, kanjira kameneka kanadyetsa mitengo pafupifupi 5,600, kanalowetsa agogo m'chitokosi cha apolisi, ndipo pamapeto pake khonsolo inagwada kupepesa kuti inanamiza anthu ake omwe.

Chiyambi chake chinali chabwinobwino. Misewu ya Sheffield inali itatha, mpaka anthu ankangouti mzinda wa maenje. Mu 2012 khonsolo inasainirana kontrakiti ya zaka 25 ndi kampani ya Amey, ndalama zake zoposa mapaundi 2 biliyoni, dzina lake Streets Ahead. Ntchito inali kukonza misewu, mapavement, magetsi a mumsewu ndi milatho, komanso kusamala mitengo ya m'misewu yokwana pafupifupi 36,000. Ndani akanakana? Ndipo tinene chilungamo, misewu yambiri inakonzedwadi.

Vuto linali pa mizu. Mtengo umene wakhala zaka 100 m'mbali mwa msewu mizu yake imatukula phula, imakankhanso miyala ija ya m'mphepete imene amati kerb. Kontrakiti inkafuna kerb yoongoka ngati chingwe. Ndiye mtengo wamoyo, wopanda matenda, wa mthunzi wake, ukakhotetsa kerb pang'ono unkalembedwa kuti ndi woononga, basi macheka. Khonsolo inali ndi mndandanda wa zifukwa 6 zodulira: mtengo woopsa, wakufa, umene ukufa, wodwala, woononga, ndi wotchinga njira ya anthu aulumali. Zinayi zoyambazo palibe amene ankatsutsa. Nkhondo inali pa ziwiri zomalizazo.

Pano tisathamange kuweruza. Munthu woyenda pa njinga ya aulumali, munthu wosaona, mayi amene akukankha pram, kwa iwowa pavement yotukuka si nkhani yoseketsa. Analiponso eni nyumba amene ankafuna mitengo ina ichoke chifukwa mizu inkang'amba mipanda yawo. Makhonsolo a ku England nawonso anali atafinyidwa, boma litawadula ndalama kuyambira 2010. Zonsezi ndi zoona. Koma njira zina zinalipo, zotchipa ndithu: kuika kerb yopyapyala, kusiya mpata pamene pali muzu, kupala phula lakale limene anangolisanjikiza zaka ndi zaka. Khonsolo inkabwereza tsiku ndi tsiku kuti kudula ndi njira yomaliza, zina zonse zikakanika. Umu ndi mmene munali bodza.

Pa 17 November 2016, cha m'ma 5 koloko m'mawa kunja kuli mdima wa chisanu, apolisi anagogoda m'makomo a mumsewu wa Rustlings Road kudzutsa anthu kuti achotse galimoto zawo, apo ayi azikoka. Anthu akutuluka ndi zovala zogonera, macheka anali atayamba kale kulira. Anthu atatu anamangidwa, awiri mwa iwo amayi a zaka za m'ma 70. Chowawa kwambiri n'chakuti khonsolo yomweyo inali itakhazikitsa gulu loima palokha loti lizipereka uphungu pa mitengo, ndipo gululi linali litanena kuti yambiri ya mumsewu umenewu isiyidwe. Uphunguwo anautulutsa m'bandakucha wa tsiku lomwelo, anthu ali m'tulo. Nick Clegg, amene panthawiyo anali MP wa deralo, anayerekeza zimenezi ndi zochitika ku Russia wa Putin. Mwina anawonjeza mchere, koma tangoganizani zikanachitika ku Ndirande, nyuzipepala za kuno zikanalemba zotani za ife?

M'malo mobwerera m'mbuyo khonsolo inaumitsa khosi. Mu August 2017 inakatenga injunction ku High Court yoletsa anthu kulowa m'mipanda imene ankazinga mitengo. Ife a Malawi injunction timaidziwa bwino, koma kwathu kawirikawiri amakaitenga ndi munthu pofuna kumanga manja boma. Apa inali khonsolo kumanga manja anthu ake. Inafika poyesa kumangitsa mmodzi wa makhansala ake omwe, Alison Teal wa chipani cha Green, koma khoti linautaya mlanduwo. Pamndandanda wa yodulidwa panalinso mitengo ya ku Western Road imene inadzalidwa mu 1919 pokumbukira anyamata a pasukulu ya pomwepo amene anapita ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Pofika kumayambiriro kwa 2018, kudula mtengo umodzi kunkafuna gulu la alonda ndi apolisi ankhaninkhani.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu anzeru zawo, ophunzira, osankhidwa, anakakamira chonchi? Yankho linali m'kontrakiti, ndipo mbali zambiri za kontrakitiyo zinali zobisidwa, ati ndi zinsinsi za malonda. Anthu analimbana nazo kudzera m'lamulo lopatsa nzika ufulu woona zikalata za boma, mpaka mu March 2018 ofesi ya Information Commissioner itakakamiza, nambala inatuluka: mitengo 17,500 yoti idulidwe ndi kudzala ina m'zaka 25. Theka la mitengo yonse ya m'misewu. Khonsolo inati ayi, imeneyo si nambala yoti ikwaniritsidwe, ndi yongoikapo. Mwezi womwewo Michael Gove, nduna ya zachilengedwe, anadzudzula poyera, ndipo kudula kunaimitsidwa. Atayamba kuyendera mitengo limodzi, akatswiri a kampani ndi anthu otsutsa aja, anapeza kuti yambiri imene inaweruzidwa kuti ife inkangofunika ntchito yochepa pa kerb.

Lipoti lofufuza nkhani yonseyi linatuluka pa 6 March 2023, ndipo analilemba ndi Sir Mark Lowcock. Dzina limeneli ena mulikumbuka. Anali mkulu wa DFID kuyambira 2011 mpaka 2017, zaka zimene Britain inatiimitsira thandizo la bajeti, kenaka n'kudzatitsekeranso mpopi nthawi ya Cashgate. Eetu, ulendo uno phunziro la good governance linapita ku Yorkshire. Lipoti linapeza kuti nambala ija ya 17,500 inachokera pa kuwerenga molakwika kafukufuku wakale. Akatswiri anali atanena kuti mitengo pafupifupi itatu mwa inayi iliyonse ndi yokhwima. A khonsolo anamva ngati akuti yakalamba, yatha ntchito. Cholakwika cha m'ofesi chimenechi chinalowa m'kontrakiti ya zaka 25, ndipo chitalowa, aliyense anayamba kuteteza kontrakiti m'malo moteteza mzinda. Lowcock ananena mosapsatira kuti khonsolo inasocheretsa anthu, ndi kuti ngakhale makhoti anapatsidwa chikalata chosocheretsa. Mu June 2023 khonsolo, ili ndi mtsogoleri watsopano Tom Hunt, inalemba chipepeso chachitali kwa anthu a mumzindawo.

Ife tikuona kuti mutu wa nkhani uli apa. Kulakwitsa masamu si mlandu waukulu, ofesi iliyonse imalakwitsa. Mlandu ndi kuitana anthu kuti mupereke maganizo pamene chigamulo chinamangidwa kale, chinasainidwa, chili mu kabati. Khonsolo inatumizadi makalata m'makomo kufunsa maganizo, koma anthu anadandaula kuti ankabwera m'maenvulopu opanda chizindikiro, ofanana ndi mapepala otsatsa malonda aja. Oyankha akachepa, ankati onani, anthu sakutsutsa. Kufunsa kotereku ndi sewero, ndipo kumaononga kuposa kusafunsa n'komwe, chifukwa munthu amene wapusitsidwa kamodzi mawa mukamufunsa zenizeni sabweranso.

Pali china chimene sitiyenera kuchilambalala. Phokoso lalikulu linachokera ku madera ngati Nether Edge, kumene kumakhala anthu odziwa kulemba kalata yoluma, odziwa loya, okhala ndi nthawi yoima pansi pa mtengo kuyambira m'mawa. Nanga ife ambiri timakhala kuti? M'nyumba za lendi, m'misewu yopanikizana, tikuchokera ku night shift ku care home, maso ali psuu. Msewu wathu akausandutsa wa permit, kapena akajambula mizere yachikasu pakhomo, timadzadziwa tikapeza tikiti pagalasi. Pamenepo ndiye timayamba kulira kuti tsankho. Mwina nthawi zina ndi tsankhodi. Koma chidziwitso chinamatidwa pa mtengo wa magetsi milungu itatu, ndipo tinkachidutsa tsiku ndi tsiku.

Chodabwitsa n'chakuti voti tili nayo. Nzika ya dziko la Commonwealth imene ili ndi chilolezo chokhala ku UK imatha kulembetsa ndi kuvota, pa chisankho cha makhansala ngakhale cha aphungu. M'Malawi, m'Zambia, wa ku Mozambique, ngakhale wa ku Zimbabwe amene dziko lake linatuluka mu Commonwealth mu 2003, onse lamulo la chisankho limawalola. Pa zisankho za makhonsolo ku England kawirikawiri amavota ndi munthu mmodzi mwa atatu, ndiye khansala amatha kupambana kapena kugwa ndi mavoti ochepa kwambiri, oti mpingo umodzi wa a Malawi ku Leeds kapena ku Manchester ungawakwanitse Lamulungu limodzi. Anthu a ku Sheffield anaigwiritsa ntchito mphamvu imeneyi. Anasonkhanitsa masiginecha opitirira 5 peresenti ya ovota imene lamulo limafuna, n'kukakamiza referendamu. Mu May 2021 pafupifupi awiri mwa atatu alionse anavota kuti mphamvu zichoke m'manja mwa mtsogoleri ndi kagulu kake ka cabinet, zipite ku makomiti a makhansala onse. Pa chisankho chomwecho Labour inataya ulamuliro wokhala yokha, ndipo mtsogoleri wa khonsolo anagwa mu ward yake.

Mwina ulesi wathu pa za makhonsolo tinachoka nawo kumudzi. Makhansala amene tinasankha mu November 2000 nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala zaka 9 lopanda khansala ngakhale mmodzi, mpaka chisankho cha patatu cha May 2014. Ndi angati anatuluka thukuta nazo? Tinazolowera kuti za ngalande, za msika, za zinyalala amagamula ndi bwana wa ku ofesi. Abale a ku Lilongwe akukumbuka 2021, mitengo ya mu Kenyatta Drive ikugwa kuti msewu ukule. Msewu unkafunikadi, ndipo ntchitoyo inali ya boma osati khonsolo, koma ambiri anadziwa za mitengoyo macheka atalira kale. Funso la ku Sheffield ndi lomwelo: kodi pepala limene munasaina likuti chiyani, ndipo bwanji sitinalione kale?

Za galimoto tinenepo pang'ono, poti apa ambiri tili ndi mlandu. Khonsolo ikamati ikudula mtengo pofuna kuthandiza wa njinga ya aulumali, tifunse kuti nanga galimoto zokwera pa pavement ndi matayala awiri, zimene zimaswa phula ndi kutsekereza njira yomweyo, bwanji? Ku London kuimika galimoto pa pavement n'koletsedwa kuyambira 1974. Ku Scotland lamulo linadutsa mu 2019, ndipo Edinburgh inayamba kulipiritsa mu January 2024, mapaundi 100, kapena 50 ukalipira msanga. Ku England kunja kwa London boma linafunsa anthu maganizo mu 2020, zaka zisanu n'kudutsa osayankha. Mtengo suvota, mwini galimoto amavota, nkhani yake ndi imeneyo. Ndipo enafe amene timakwiya ndi khonsolo ndife omwe timatseka pavement yonse tsiku la bridal shower.

Wina asaganize kuti ndi matenda a Labour okha. Patangotha sabata imodzi lipoti la Lowcock litatuluka, khonsolo ya Plymouth, ya Conservative, inatumiza macheka usiku pa 14 March 2023 ku Armada Way pakati pa tauni. Mitengo yoposa 100 inagwa, mpaka anthu anakadzutsa jaji kuti apereke chiletso pakati pa usiku. Mtsogoleri wa khonsoloyo, Richard Bingley, anatula pansi udindo, ndipo mu May chaka chomwecho chipani chake chinaluza khonsolo.

Kuchokera pa 30 November 2023, lamulo la Environment Act 2021 limakakamiza makhonsolo a ku England kufunsa anthu asanadule mtengo wa mumsewu. Amamata chidziwitso pa mtengo womwewo, n'kupereka masiku 28 oti anthu ayankhe. Koma muwerenge bwino, muli zitseko zotulukira. Mtengo wakufa safunsa, woopsa safunsa, waung'ono safunsa. Safunsanso ngati khonsolo yaona kuti mtengowo ukutchinga njira mosemphana ndi lamulo loteteza anthu aulumali, chimene chinali chimodzi mwa zifukwa ziwiri zija zimene anamenyanirana ku Sheffield.