Ulendo wa kumtsinje: naye mayi apumeko



Tsiku lina pamsonkhano wa gulu lathu, titatha kusonkha za banki m'khonde, ndinawafunsa amayi funso ili: "Kodi ndi liti pamene inu, bambo ndi ana munakhalapo pamodzi tsiku lathunthu, popanda maliro, popanda chinkhoswe, popanda wodwala?" Onse anangoti zii. Kenaka mayi wina wachikulire anati, "Ife timanyamuka ulendo pokhapokha uthenga woipa ukabwera." Tonse tinaseka, koma kunali kuseka kobisa manyazi, pakuti ananena zoona. Nchifukwa chake lero ndati ndikusimbireni za ulendo umene banja langa linayenda chaka chatha, ndi zimene ndinatolako.

Kwathu zinthu zinali chonchi. Likafika Loweruka, bambo ankalawira kwa anzawo ku bawo, kubwerako kutada. Mwana wathu wachisamba, mnyamata wa zaka 15, sankacheza nawo bambo ake. Akakumana, nkhani inali ya kulephera kusukulu basi, ndipo inkathera m'kukalipa. Atsikana nawo maso anali pa foni. Nyumba inali imodzi, mbale imodzi, koma aliyense ndi njira yake. Ine zinkandidya mumtima, chifukwa mwana amene saopa kukhala chete pamaso pa bambo ake amakapeza omuuza zakukhosi kunja, ndipo si onse akunjawo amene ali abwino.

Alamu anga, alongo awo a bambo a kwathu, ali ndi kafamu m'mphepete mwa mtsinje wa Bua. Amalima dimba la tomato, mpiru ndi nzimbe, ndipo amaweta mbuzi ndi nkhuku. Nditalandira gawo langa la banki m'khonde, ndinapatula ya ulendo ndi ya kamba, ndipo ndinawatumizira mawu alamu kuti tikufuna kudzagona masiku awiri, osati m'nyumba, koma kumtsinje. Bambo poyamba anakana, amati zimenezo nza azungu. Ndinawakumbutsa kuti iwo anakulira m'mbali mwa mtsinje womwewo, koma ana awo sadziwa ngakhale maonekedwe a mono. Apo anakhala chete kanthawi, kenaka anavomera. Paja madzi saiwala khwawa.

Tinanyamuka ku Lilongwe Lachisanu masana, m'mwezi wa Ogasiti ana ali patchuthi. Minibasi inatsata msewu wa M1, kudutsa pa Lumbadzi, Mponela ndi Madisi, ndipo titatsika tinapeza ngolo ya alamu ikutidikira. Tenti tinali nayo imodzi yobwereka, imene ndinagonamo ine ndi atsikana. Amuna anadula timitengo ndi udzu nadzimangira msasa dzuwa lisanalowe.

Cholakwa changa choyamba chinaoneka m'mawa mwa Loweruka. Kusanache ndinali nditadzuka kale, kusonkha moto, kutereka madzi, kusesa, monga ndichitira kunyumba. Alamu atafika anandiyang'ana nati, "Mlamu, ulendo wonsewu mwadzera kudzasintha mafuwa basi?" Mawuwo anandilasa. Ndiye tinakhala pansi tonse ndi kugawana ntchito. Atsikana anatenga kuphika nsima, anyamata kutola nkhuni, bambo anati ndiwo ndi zawo, kuyambira kuwedza mpaka kuwamba. Ine anandipatsa mphasa pansi pa mkuyu. Ndikuuzeni zoona, manja anandiyabwa. Mayi amene wazolowera kutumikira sadziwa kukhala, ndipo nako kukhala kumafuna kuphunzira. Koma dzuwa lisanafike pamutu ndinali nditagona tulo timene sindinatigonepo kwa zaka.

Nditadzuka ndinaona chinthu chimene chinandibwezera ndalama zanga zonse. Bambo ndi mnyamata uja anali atakhala pagombe lokwera, phewa ndi phewa. Bambo ankamuonetsa kamangidwe ka mbedza, kavekedwe ka nyongolotsi, ndi kuti wowedza sachita phokoso. Mnyamatayo atakoka mlamba wake woyamba, anamuphunzitsa kuugwira kumbuyo kwa minga kuti usamubaye. Anakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka. Zimene anakambirana sindinazimve, ndipo sindinafunse. Koma usiku bambo anandinong'oneza kuti, "Mayi, mwana uja ali ndi nzeru, kungoti sindinkamumvetsera." Kuyambira pamenepo sindinganene kuti kukangana kunatheratu, ayi, koma tsopano mwanayo akakhala ndi vuto amayamba kwa bambo ake.

Cholakwa changa chachiwiri chikanatha kutisandutsira chisangalalo kukhala maliro. Madzulo a Loweruka, titatha kupala mamba ndi kutumbula nsomba, ndinatuma mzime wanga wa zaka 6 kuti akatsukuluze mbale kumadzi. Ndinachita zimenezi mosaganiza, monga ndimutumira pampopi kunyumba. Mwanayo asanafike pamadzi, amuna awo a alamu anakuwa ndi mawu amene sindidzawaiwala, namuthamangira kukamunyamula. M'mawa mwake ananditengera pagombe nandilozera mkwekwe pamchenga, pamene ng'ona inakhala ikuothera dzuwa. Miyendo inandilefuka. Mwana ndinamutuma ndine, nthawi yake inali yachisisira, m'manja mwake munali fungo la nsomba. Safunsa anadya phula. Ine ndikanafunsa eni malo poyamba.

Tsono amayi, ngati mwakopeka kuti nanunso muyende ulendo wotere, imvani izi.

Choyamba ndi nyengo. Pitani m'chilimwe, kuyambira Meyi mpaka Okutobala. M'dzinja mtsinje ungathe kudzaza usiku ngakhale pamene mulipo pasanagwe dontho, chifukwa cha mvula ya kumtunda. Juni ndi Julayi kumtsinje kumazizira kolowa m'mafupa, ndipo ngakhale mu Ogasiti mabulangete asatsale. Amene mulibe nthawi ina, Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, ndi tchuthi chabwino chopemphera mphatso imeneyi m'malo mwa chitenje.

Chachiwiri ndi pomanga msasa. Sankhani pamtunda, patali ndi madzi, ndipo muyambe mwafunsa eni dera. Mukaona kanjira koterera kotuluka m'madzi kulowa kumunda, musamangepo, ndi njira ya mvuu. Mvuu imatuluka usiku kukadya msipu, ndipo ikapeza chinthu pakati pa iyo ndi madzi imalusa. Ng'ona nayo imachenjerera zizolowezi za anthu: ikaona kuti pamalo pena pamabwera munthu nthawi imodzimodzi, imabisalira pomwepo. Musatumbulire nsomba m'mphepete mwa madzi, musalole mwana kutsikirako yekha, ndipo m'mbandakucha ndi m'chisisira aliyense atalikire. Moto nawo muulambulire pozungulira ndi kuuzimitsa ndi madzi pogona. M'miyezi imeneyi udzu ndi wouma, mphepo ndi yambiri, ndipo kamoto kanu ka tiyi kangathe kutentha dimba ndi nkhokwe za eni ake.

Chachitatu ndi madzi. Madzi a mumtsinje, ngakhale aoneke oyera ngati a m'botolo, musamwe osawiritsa kapena osathira klorini. Sitinaiwale mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kumbani kadzenje patali ndi mtsinje kuti kakhale chimbudzi, ndipo mukwirire pochoka. Palinso likodzo. Tizilombo take timakulira mu nkhono zokhala m'madzi odekha, m'mabango ndi m'matamanda, ndipo timalowa m'thupi kudzera pakhungu munthu akamasamba kapena kuchapa. Madzi osamba muwatunge, muwatenthetse, kapena akhale m'chidebe masiku awiri. Ngati wina wasambira ndithu, ndipo patapita milungu mwaona magazi m'mkodzo, thamangirani kuchipatala. Mankhwala ake, praziquantel, alipo. Ife amayi tisalitenge likodzo ngati matenda a anyamata okha, pakuti limavulazanso njira ya chiberekero.

Chachinayi ndi udzudzu. Kumtsinje ndiye kwawo, ngakhale m'chilimwe. Nyamulani maneti, mumangirire mumsasa, aliyense agonemo. Mukabwerera, mwana akatentha thupi patapita mlungu umodzi kapena iwiri, musati ndi kutopa kwa ulendo. Kamuyezetseni malungo tsiku lomwelo.

Ponena za neti, ndifike pachachisanu, chimene ndi kawedzedwe. Neti ya udzudzu ndi yogonamo, si yokokera nsomba. Maso ake ndi aang'ono kotero kuti imakokolola ndi tiana tomwe, ndipo ndi yoletsedwa pausodzi. Chimodzimodzinso katupe ndi mankhwala ena othira m'madzi. Lamulo la za usodzi la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi poizoni. Mbedza ndi yokwanira. Ife tinapha milamba inayi ndi makumba angapo, ndipo tinakhuta mpaka kutsalako yowamba yopita nayo kunyumba. Tating'ono tinkatibwezera m'madzi, ndipo ana anafunsa chifukwa chake. Apo bambo anapeza mpata wowasimbira za mtsinjewo: kuti Bua amachokera ku Mchinji, nadutsa m'malire a Kasungu ndi Dowa, nalowa m'nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota asanakathire m'nyanja. Anawauzanso za mpasa, nsomba imene sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi koma m'nyanja ya Malawi ndi mitsinje yothira m'menemo. Mpasa imachoka m'nyanja kukwera mitsinje ngati Bua kukaswana pamiyala yoyera. Anthu akalima mpaka m'mphepete, dothi limakokolokera m'madzi ndi kukwirira miyalayo; akatseka mtsinje wonse ndi mipanda ya mono, nsombayo imagwidwa isanaikire mazira. Ndicho chifukwa chake yatha m'mitsinje yambiri. Ana anga anamva phunziro limeneli atagwira nsomba m'manja, ndipo sindikhulupirira kuti adzaliiwala.

Chachisanu ndi chimodzi ndikunena kwa inu a m'tauni makamaka. Musapite kumudzi manja lendelende ngati kuti nkhokwe ya abale anu ilibe pansi. Kupuma kwanu kusasanduke goli la mayi mnzanu. Ife tinanyamula ufa wathu, mchere, shuga, mafuta ophikira, sopo, machesi, tochi ndi Thanzi, ndipo zotsala tinawasiyira alamu. Tomato ndi nzimbe za m'dimba tinagula pamtengo wake, ngakhale iwo ankakana. Lamulungu m'mawa tisananyamuke, ana anathandiza kuthirira dimba, tinatola mapepala ndi mapulasitiki onse, malo tinawasiya monga tinawapezera. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Alamu potiperekeza anati, "Mubwerenso chaka chamawa," ndipo ndinaona pankhope pawo kuti sakunena mwamwambo chabe.

Inu a kumudzi mwina mukuti, "Ife mtsinje timauona tsiku ndi tsiku, chachilendo nchiyani?" Zoonadi mumauona, koma mumauona mtsuko uli pamutu, kapena mtolo wa zochapa uli kumsana. Kodi munayamba mwakhalapo pamthunzi m'mbali mwake, bambo akukuwambirani nsomba, ana akukuphikirani nsima? Inu simufunika ya minibasi, simufunika tenti. Mukakolola ndi kututa, patulani tsiku limodzi. Ndiponso amene muli ndi malo abwino m'mbali mwa madzi, dziwani kuti m'tauni muli mabanja ambiri olakalaka mpweya wotere amene alibe kolowera. Gulu la amayi litalambula malo, kukumba chimbudzi chabwino, ndi kumagulitsa nkhuni, nkhuku ndi ndiwo zamasamba kwa alendo, litagwirizana ndi amfumu, lingathe kupezapo kangachepe.

Amene mulibe abale kumtsinje koma m'thumba muli kanthu, malo olipira omangapo tenti alipo, monga paphiri la Zomba kufupi ndi mtsinje wa Mulunguzi, ku Liwonde m'mbali mwa Shire, ndi m'nkhalango ya Nkhotakota m'mbali mwa Bua yemweyo. Nkhalango imeneyi yakhala ikuyang'aniridwa ndi bungwe la African Parks kuyambira 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Kumalo otere kuli malamulo ake: simuyenda nokha m'tchire ndipo simuponya mbedza popanda chilolezo. Funsani mitengo musananyamuke, kuti mungakachite manyazi pachipata.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, amayi. Ana athu akuyenera kuona kumene makolo awo anachokera, ndi kuona bambo awo akuseka, akupsa zala pamoto wa nsomba. Akuyeneranso kuona mayi awo atakhala pamphasa osagwira kanthu, kuti atsikana adziwe kuti mkazi naye amapuma, ndipo anyamata adziwe kuti mthiko suluma. Mukakumana pagulu lanu mlungu uno, funsanani funso lija ndinayamba nalo. Amene mudzayende ulendo wotere, mudzandilembere kuti ndimve m'mene munayendera.

Tsalani bwino, tidzachezanso mlungu wamawa.