Mukati "Zisiyeni kwa Mulungu", Mukuteteza Yani?

Sabata ino cholembera chagwera kuno ku Nkope, ndipo ndabwera ndi mkangano. Ndikukangana ndi inu amene munthu akamenyedwa m'chitokosi cha apolisi, mayi akagwiriridwa ndi munthu wa yunifolomu, mumathamangira kunena kuti "zisiyeni, Mulungu ndiye adzaweruza." Mawuwa amamveka ngati a munthu wopemphera, koma amene amapindula nawo ndi wozunza uja. Iye amagona tulo tabwino chifukwa akudziwa kuti Mmalawi sapita kukhoti.

Tiyambire kwathu kuno. Ukaima pagombe la Nkope n'kuyang'ana kummawa, tsidya linalo ndi kwa Malindi, kwawo kwa Masauko Chipembere. Mu February 1965 Chipembere ndi anthu ake analanda boma la Fort Johnston, lomwe lero tikuti Mangochi, koma ulendo wawo wa ku Zomba unathera pa doko la Liwonde. Chipembere anathawa n'kukamwalira ku America mu 1975. Mnzake Medson Silombela ananyongedwa ku Zomba mu 1966. Otsala m'midzi ndiwo analipira. Zaka zingapo pambuyo pake anthu a m'mudzi wa Moto, tsidya lomwelo, anatengedwa mudzi wonse, amayi ndi ana omwe, n'kukatsekeredwa ku Dzaleka m'boma la Dowa. Panalibe woweruza amene anamva mbali yawo.

Ndiye mu 1994 tinati zinthu zasintha eti? Malamulo atsopano oyendetsera dziko anakhazikitsa National Compensation Tribunal kuti ipukute misozi anthu amene anazunzidwa mu ulamuliro wa chipani chimodzi. Koma werengani gawo 138 la malamulo omwewo. Linatseka khomo la khoti wamba: amene anali ndi dandaulo pa nkhanza za boma lakale anauzidwa kuti adzere ku Tribunal basi. Tribunal nayo inapatsidwa moyo wa zaka 10 zokha. Anthu oposa 20,000 analembetsa madandaulo. Pofika 2004 pamene inkatsekedwa, amene analandira ndalama zawo zonse anali ochepa kwambiri, ena analandirako kangachepe kongoyambira, ambiri sanaone ngakhale tambala. Mu 2017 Ombudsman wa nthawi imeneyo, mayi Martha Chizuma, anatulutsa lipoti lotchedwa Malawi's Unhealed Wounds lodzudzula boma pa nkhani yomweyi. Tangoganizani, zaka 13 Tribunal itatsekedwa, agogo athu anali akadasunga timapepala tawo m'majumbo, kudikira.

Mukuona zimene kudikira kumabala? Anthu aja anauzidwa kuti afatse, boma liwakumbukira. Ambiri anamwalira akufatsa.

Mwina muti, "Nanga khotilo linathandiza chiyani pa nkhani ya ku Mwanza?" Funso labwino, ndipo sindilithawa. Aaron Gadama, Dick Matenje, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anaphedwa mu May 1983, boma n'kunena kuti inali ngozi ya galimoto. Mu December 1995 khoti linapeza Dr Kamuzu Banda ndi John Tembo osalakwa pa mlanduwo. Zinawawa mabanja, n'zoona. Komabe kafukufuku wa 1994 ndi umboni wa m'khoti zinapha bodza la ngozi. Lero palibe mwana wa sukulu amene angaphunzitsidwe kuti anthu anayi aja anagubuduzika ndi galimoto. Apolisi anaima pamaso pa anthu n'kufotokoza zimene zinachitika. Za ku Moto zinafotokozedwa m'bwalo liti?

Tsopano tibwere masiku athu ano, poti ena mumati zakale n'zakale. Mu October 2019, wapolisi ataphedwa pa zipolowe ku Msundwe, apolisi anakhamukira ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, ndipo amayi ndi atsikana anagwiriridwa. Amayi 18, mothandizidwa ndi bungwe la maloya achizimayi la Women Lawyers Association, anakasuma. Mu August 2020 Jaji Kenyatta Nyirenda analamula kuti alipidwe chipukutamisozi. Amayi amenewa ndi a kumudzi ngati azakhali anu. Anali ndi manyazi oti akanatha kubisala nawo, anali ndi mantha, anali ndi amuna ndi apongozi oti akawayang'ane kumaso. Akanamvera inu a "zisiyeni", bwenzi lero tikuti inali mphekesera za andale.

Onaninso za Buleya Lule, amene anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu February 2019 akumuganizira pa mlandu wosowetsa mnyamata wachialubino. Dokotala Charles Dzamalala atapima thupi anapeza kuti anazunzidwa ndi magetsi. Panatenga zaka pafupifupi 6, koma mu December 2024 High Court inapeza apolisi 6 olakwa pa imfa yake. Lule anali woganiziridwa mlandu woopsa, inde. Koma amene amagamula kuti munthu ndi wolakwa ndi khoti, osati ndodo kapena nthambo ya magetsi m'chipinda chotseka. Mukalola kuti woganiziridwa azunzidwe chifukwa mlandu wake ukukunyansani, mawa woganiziridwayo adzakhala mwana wanu.

Ndipo musaiwale Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo ku Blantyre, amene anamangidwa m'bandakucha akupita kumsika pa mlandu uja wa vakabu. Sanalipire faindi n'kungoti zatha. Anatsutsa lamulolo, ndipo mu January 2017 High Court inati gawo 184(1)(c) la Penal Code likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Msodzi wa ku Nkope amene amadzuka usiku kupita kugombe, mayi wa geni amene amalawirira kukapikula usipa, onsewa anapindula ndi kulimba mtima kwa venda mmodzi amene sakumudziwa n'komwe.

Pali gulu lachiwiri limene ndikukangana nalo: inu amene mukamva kuti boma lalipira mumaomba m'manja n'kuti chilungamo chachitika. Ndalamazo zimachokera kuti? Ku misonkho. Mayi wa ku Msundwe akagula sopo amadula msonkho, ndiye kuti nayenso akusonkhera chipukutamisozi chake chomwe. Wozunzayo sanatulutse kanthu m'thumba mwake. Ndani pano anganditchulire dzina la wapolisi mmodzi amene anagamulidwa ukaidi pa za ku Msundwe? Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Wozunza akabisala kumbuyo kwa mawu oti "boma", ifeyo ndi amene timalipira, iye n'kumangosamutsidwa siteshoni. Mlandu wa chipukutamisozi uziyenda limodzi ndi mlandu wozenga munthuyo ndi dzina lake.

Sindikunena kuti njira ya kukhoti ndi yosalala. Kuchokera kuno, High Court yapafupi ili ku Zomba. Thiransipoti ndi ndalama, loya ndi ndalama, mlandu umaimitsidwa lero ndi mawa mpaka mboni zimatopa. Zolemba za khoti zili m'Chingerezi pamene wodandaula amalota m'Chiyao kapena m'Chichewa, ndipo zonse zimadalira womasulira. Zonsezi ndi zifukwa zomenyera nkhondo kuti makhoti abwere pafupi ndi anthu. Si zifukwa zouzira wovulala kuti akhale chete.

Ndiye chikamuchitikira mnansi wanu, muuzeni izi m'malo mwa "zisiyeni". Gawo 41 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa aliyense ufulu wokafika kukhoti. Gawo 46 limati amene ufulu wake waphwanyidwa angathe kupita kukhoti, kwa Ombudsman kapena ku Malawi Human Rights Commission. Gawo 42 limati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, pokhapokha ngati maolawo athera nthawi imene khoti siligwira ntchito. Wopanda ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau. Dandaulo lokhudza apolisi lingapitenso ku Independent Complaints Commission. Wovulala apite kuchipatala tsiku lomwelo ndipo asunge lipoti la dokotala. Alembe tsiku, nthawi, malo ndi mayina a amene anaona. Timati mlandu suwola, koma dziwani kuti mlandu wofuna chipukutamisozi uli ndi malire a nthawi m'malamulo, choncho kuzengereza kumapha mlandu wabwino.

Nanga ife a zolembalemba? Timadziwa kulemba, ambiri mwa ozunzidwa sadziwa. Sabata ndi sabata timathirana ndemanga pa ndakatulo za misozi ya amphawi, pamene nkhalamba za ku Moto zimene zinagona ku Dzaleka zikutha, ndipo nkhani zawo zikupita nazo kumanda. Pitani ndi kope ndi foni, mupemphe chilolezo, mulembe zimene akunena m'chilankhulo chawo. M'boma lililonse muli a Moto akeake. Umboni wolembedwa bwino umagwira ntchito m'khoti, ndipo ngakhale khoti litakana, umatsala kuti bodza lisalowe m'mabuku a ana athu.

Kukhululuka n'kwa mwini bala, ndipo palibe amene akumuletsa. Koma inu amene simunamenyedwe, musamukhululukire wozunza m'malo mwa wovulala. Ngati mukutsutsa, bwerani m'makomenti mutiuze: pa anthu a Tribunal amene anafatsa ndi amayi a ku Msundwe amene anasuma, ndani anachita bwino?